N'chifukwa chiyani lieutenant general amaposa major general?

Mmodzi mwa owerenga anandilembera pa imelo kuti: "Popeza major ndi wamkulu kuposa lieutenant, zimatheka bwanji kuti lieutenant general aziposa major general?" Bambo, funso lanu lokhudza maudindo a usilikali ndi lomveka, ndipo yankho lake lili m'tanthauzo la liwu lenilenilo.

Liwu lakuti lieutenant linachokera ku Chifalansa, m'mene lieu ndi malo, ndipo tenant ndi wogwira. Poyamba silinali la asilikali okha, koma linkanena za munthu aliyense wogwira malo a mkulu wake pamene mkuluyo palibe. Choncho kukula kwa lieutenant kumayezedwa ndi kukula kwa mkulu amene iyeyo akumugwirira malo. Likatchulidwa lokha, liwuli limanena za wachiwiri kwa kaputeni. Lieutenant ameneyu ndi msilikali wa nyenyezi ziwiri paphewa m'magulu ankhondo otsata mwambo wa ku Britain, amene amatsogolera kagulu ka anthu pafupifupi 30. Lieutenant colonel ndi wachiwiri kwa colonel, ndipo lieutenant general ndi wachiwiri kwa general mwiniwake.

Chimene chimasokoneza anthu ndi dzina la major general, chifukwa linadulidwa. Dzina lonse linali sergeant major general, ndipo mwini udindowo anali pansi pa general ndi wachiwiri wake. Liwu lakuti sergeant litasiya kutchulidwa, dzina lotsalalo linayamba kumveka lalikulu, koma udindowo sunakwere ayi.

Chenjeraninso ndi asilikali a pamadzi, pakuti lieutenant wa kumeneko amafanana udindo ndi kaputeni wa asilikali a pamtunda. Katchulidwe nako n'kosiyana: ku Britain amati "lefitenanti", pamene ku America f uja samveka.

Pomasulira m'Chichewa, ine sindivomereza kugwiritsa ntchito liwu lakuti "wogwirizira", ngakhale kuti ndilo loyandikana kwambiri ndi chiyambi cha liwuli. Wogwirizira ndi wa kanthawi, amene amachoka pampando mwini wake akabwera kapena wina akasankhidwa, pamene wachiwiri ali ndi mpando wakewake, monga wachiwiri kwa nduna. Lieutenant wa masiku ano ali pa udindo wokhazikika, ndipo angathe kutsogolera gulu popanda mkulu amene iyeyo akumugwirira malo. Ndiye polemba nkhani, ndi bwino kusiya dzina la udindowo monga lilili, kenaka n'kufotokoza ntchito imene munthuyo akugwira.