Chithunzi cha a Michael Hart pakhoma, kapena buku limodzi lotayipidwa?

Aphunzitsi ena a sekondale anditumizira imelo. Akuti amadawuniloda mabuku akale achingerezi pa Project Gutenberg, laibulale yaulere ya pa intaneti, n'kumagawira ana a Fomu 4 osalipira ngakhale tambala, ndipo amva kuti munthu amene anayambitsa laibulale imeneyi anamwalira. Akufunsa kuti anali ndani, komanso ngati n'koyenera kupachika chithunzi chake m'laibulale ya pasukulu ndi kukonza tsiku lomukumbukira.

Aphunzitsi, chithunzicho pachikani, sichilakwika. Koma mukamva mmene munthuyu ankagwirira ntchito, mwina muganizanso zina.

Dzina lawo ndi a Michael Hart, obadwa mu 1947 ku Tacoma m'dziko la America. Mu 1971 ali pa University of Illinois, oyang'anira kompyuta yaikulu ya Xerox Sigma V anawalola kuigwiritsa ntchito mmene angafunire. Masiku amenewo kompyuta inali chinthu chodzaza chipinda, ndipo munthu wamba sankaiyandikira. Pa 4 July chaka chimenecho, tsiku limene America imakumbukira ufulu wake, a Hart anapatsidwa m'golosale pepala laulere la Declaration of Independence, chikalata cha mu 1776 cholengeza ufuluwo. Usiku womwewo anachitayipa chonse. Ankafuna kutumizira aliyense amene anali pa netiweki, anthu pafupifupi 100, koma anachenjezedwa kuti makinawo sangapirire. Ndiye anangochiika poti wofuna adzitengere yekha. Anthu 6 ndiwo anachitenga, ndipo ichi chinakhala fayilo yoyamba ya Project Gutenberg.

Chimene chimandigometsa ine ndi zaka zotsatirazo. Fayilo ya nambala 10, Baibulo la King James, inatuluka mu 1989. Taganizani: zaka 18, mafayilo khumi okha, ambiri mwa iwo zikalata zifupizifupi, munthu akugogoda chilembo chimodzichimodzi pamene pafupifupi palibe amene akuwerenga. Ambiri a ife tikanaleka chaka chachiwiri. Intaneti itayamba kufalikira, anthu ongodzipereka anayamba kubwera, mabuku anafika 100 mu 1994, 1,000 mu 1997, ndipo 10,000 mu 2003. Lero aposa 70,000.

Pali chinthu chimodzi chimene a Hart anaumirira, ena n'kumawaona ngati achikale: buku lililonse lizipezeka m'malemba wamba a ASCII, opanda zokongoletsa, oti kompyuta iliyonse iwatsegule. Mapulogalamu ambiri otchuka a m'ma 1980 anafa, ndipo zolembedwa m'menemo lero n'zovuta kutsegula. Mafayilo a Hart amatsegukabe, ngakhale pa foni yotsika mtengo. N'chifukwa chake inu Aphunzitsi mumatha kutenga buku lathunthu bandulo ya data osaimva kupweteka.

Mabuku anachuluka bwanji mwachangu chonchi? Mu 2000 a Charles Franks anayambitsa Distributed Proofreaders. Buku lakale limajambulidwa tsamba ndi tsamba, kompyuta n'kuyesa kuwerenga zilembozo, koma imaphonya zambiri, makamaka pamene inki inafufutika. Ndiye munthu amapatsidwa tsamba limodzi, chithunzi mbali iyi, malemba mbali inayo, n'kukonza zolakwika. Wina amabwereza tsamba lomwelo, kenako winanso. Zili ngati dima: aliyense amalima mzere wake, munda n'kutha tsiku lomwelo.

Sizinali zosalala zonse. Project Gutenberg kwenikweni imaika mabuku amene malamulo oteteza alembi anasiya kuwagwira, ndipo a Hart ankadana kwambiri ndi kutalikitsa nthawi ya malamulowa. Mu 1998 America inawonjezera zaka 20, moti mabuku a mu 1923 anadzamasuka mu January 2019, iwo atapita kale. Anamwalira pa 6 September 2011 kunyumba kwawo ku Urbana, Illinois, ali ndi zaka 64. Sanalemere nayo ntchitoyi. Ankakonza okha galimoto ndi nyumba yawo, makompyuta awo n'kumalumikiza kuchokera ku zipangizo zimene ena anataya.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri. Tsegulani mndandanda wa zinenero pa Project Gutenberg muone. Chingerezi chadzaza, Chifalansa, Chijeremani ndi Chifinishi zili ndi mabuku masauzande. Anthu a ku Finland ndi ochepa kuposa olankhula Chichewa, koma anakhala pansi n'kutayipa mabuku a makolo awo. Palibe amene anawachitira. Ife tili ndi zakale zathu zosindikizidwa ndi mamishoni kuyambira m'ma 1800, monga dikishonale ya Chimang'anja ya a David Clement Scott a ku Blantyre Mission ya mu 1892, mabuku a nyimbo, a nthano, a sukulu za m'midzi. Ena anajambulidwa kale m'malaibulale akunja ndipo zithunzi zake zimapezeka pa malo a pa intaneti ngati Internet Archive, imene a Brewster Kahle anayambitsa mu 1996. Koma chithunzi cha tsamba ndi chinthu cholemera pa data, ndipo kompyuta ikayesa kuwerenga Chinyanja chakale imatulutsa zosamveka. Wongodzipereka wa ku Ohio sangadziwe ngati pakusowa chilembo. Mwana wanu wa Fomu 4 angadziwe.

Ndipo pepala silikhalitsa. Mu December 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuzu University, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Mabuku ophunzirira anatha kupemphedwanso kwa akufuna kwabwino. Zimene zinalipo kope limodzi lokha, ayi.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Pa tsiku lokumbukiralo zokamba zikhale zochepa. Sankhani kabuku kamodzi kakang'ono ka Chinyanja kamene kanasindikizidwa zaka zoposa 95 zapitazo, poti ndiwo malire amene lamulo la ku America limatsata pa mabuku akale otere, ndipo Project Gutenberg imayamba yaona tsamba loyamba la bukulo isanavomereze. Gawani masamba, awiriawiri pa mwana aliyense. Wina atayipe, mnzake awerenge mokweza akuyang'ana chithunzi cha tsambalo. Muwaletse kukonza kalembedwe kakale kuti kafanane ndi ka lero; ngati mlembi analemba "ci" pamene ife timalemba "chi", asiye choncho, chifukwa ofufuza mbiri ya chinenero amafuna zimenezo. Mabuku a alembi a posachedwapa musawakhudze popanda chilolezo cha eni ake kapena mabanja awo. Ngati kompyuta ya pasukulu ndi imodzi yokha, mafoni nawo amatayipa, ndipo kabuku ka masamba 40 kakhoza kutha teremu isanatseke.