Mafunso a Owerenga: Kodi action ya custom ndiyo imachititsa mfuti kulasa?

FUNSO: Zikomo akulu a danga lino. Ine ndimachita masewero owombera chandamale patali, laisensi ndili nayo ndipo kukalabu sindijomba. Mfuti yanga ndi ya bolt ya kufakitale, ya .308, ndipo mpope ukangotentha zipolopolo zimayamba kumwazikana papepala. Anzanga onse akungoti gula action ya custom (zija zopangidwa mwapadera ndi makampani ang'onoang'ono) basi mavuto ako atha. Koma mtengo wake eee, action yokhayo ikuposa mfuti yanga yonse. Ubwino wake weniweni ndi chani, nanga kuipa kwake kulipo? Ndiuzeni chilungamo ndisanakhuthule thumba. Ndine Wokonda Chandamale.

YANKHO: Achimwene, vuto mwatchulalo, loti zipolopolo zimamwazikana mpope ukatentha, action yatsopano siingalithetse. Limenelo ndi la mpope, kawirikawiri ukakhala wopyapyala wa mfuti zosakira nyama kapena ukamakhudza stock (thupi la mfuti lomwe mumagwira ndi kutsamiritsa paphewa) penapake. Anzanuwo akukupatsani mankhwala abwino ndithu koma a nthenda ina.

Action ndi chitsulo chapakati chija chomwe bolt imayendamo, mpope umamangidwa kutsogolo kwake, trigger pansi, sikopu pamwamba. Ntchito yake ndi kulowetsa chipolopolo, kutseka kumbuyo zolimba, kumenya primer (kachidutswa koyatsira wonga kumbuyo kwa chigoba) mofanana nthawi zonse kenako kutaya chigoba. Chipolopolo chikanyamuka chimadutsa mumpope osati mu action, nde kulasa kwambiri kumachokera ku mpope, ku mmene chamber (malo okhala chipolopolo kumayambiriro kwa mpope) anaisemera, ku zipolopolo zomwe mukugwiritsa ntchito ndi kwa inuyo amene mwagona kumbuyo kwa mfutiyo. MOA ndi muyeso woyezera kumwazikana kwa zipolopolo, imodzi ndi pafupifupi masentimita 2.9 pa mamita 100, kapena masentimita 29 pa mamita 1,000, ndipo pamtunda umenewo mphepo mukangoiwerenga molakwika pang'ono chipolopolo chimapatuka kuposa kusiyana konse komwe kungakhalepo pakati pa action yodula ndi ya kufakitale yomwe ili bwinobwino.

Sindikuti za custom ndi zachabe ayi, ubwino ulipo ndipo ndi waukulu, kungoti uli pena osati pomwe anthu amaloza.

Zambiri mwa izo, za makampani ngati Defiance, Impact Precision, Zermatt, Terminus, anazipanga potengera miyeso ya kunja ya Remington 700, mfuti yomwe inatuluka mu 1962 ndipo inafala mpaka aliyense wopanga zipangizo anayamba kupangira iyoyo. Nde mukagula action ya miyeso imeneyi ma stock, ma chassis (ma stock achitsulo), ma trigger a TriggerTech kapena Timney, magazini a mtundu wa AICS, zambiri zimangolowa popanda kuvutika. Koma anakonza zofooka za Remington yoyambayo. Pa 700 recoil lug, yomwe imalandira kukankhira kumbuyo kwa mfuti ikalira, ndi kachitsulo kapadera kopanikizidwa pakati pa mpope ndi action, ndipo njanji ya sikopu imagwiridwa ndi timasikuluwu tinayi tating'onoting'ono. Pa za custom zambiri lug ija ndi njanjiyo anazisema pachitsulo chimodzi ndi action yomwe, kapena anazikhomera ndi mapini, palibe choti chimasuke pakati pa mpikisano, ndipo njanjiyo nthawi zambiri imabwera yopendekeka kale ndi 20 MOA kuti sikopu ikhale ndi malo okwanira okwezera mukamawombera kutali.

Koma chomwe ine ndimachiona kuti ndiye ndalama yanu imagula kwenikweni ndi nkhani yosintha mpope. Mpope umatha achimwene, moto wa wonga umadya pakhosi pake pang'onopang'ono. Wa .308 ngati wanuwo umapirira, ambiri amadutsa zipolopolo 5,000 usanafooke, koma 6.5 Creedmoor yomwe Hornady anatulutsa mu 2007 ambiri amaiwerengera pakati pa 2,000 ndi 3,000, ndipo ma 6mm othamanga omwe adzaza mipikisano yowombera patali ya PRS (Precision Rifle Series) ku America ena amatha msanga kuposa pamenepo. Munthu wopikisana mwakhama atha kumaliza mpope pachaka, ena iwiri. Ndi action ya kufakitale ngati 700 kawirikawiri mumayenera kupereka mfuti yonse kwa mmisiri kuti ayeze ndi kusema mpope wogwirizana ndi action yanuyo basi, poti iliyonse imasiyana pang'ono ndi inzake, nde mumakhala milungu kaya miyezi mulibe chowombera. Za custom zabwino miyeso yake imafanana kwambiri moti mutha kuitanitsa mpope wosemasema kale, womwe amati prefit, nkungoumanga. Ngakhale zili choncho headspace (mpata womwe chigoba chimakhala nawo bolt ikatsekedwa) iyezedwe ndi mageji ake nthawi zonse, ndipo ngati simunaphunzire ntchitoyi isiyireni mmisiri wovomerezeka, apa si poyesererapo chifukwa nkhope yanu imakhala pafupi penipeni ndi pomwe paphulikira wongapo. Zina monga za Zermatt mumasinthanso mutu wa bolt, action imodzi nkumagwira .223 yophunzirira ndi 6.5 ya mpikisano.

Kenako pali kufewa kwa bolt. Izi zimaoneka ngati zamanyado mpaka tsiku lomwe mwapatsidwa masekondi 90 kuti muwombe zipolopolo khumi mutatsamira pachotchinga chogwedera, bolt yolimba imakugwedezerani mfuti yonse chandamale nkusowa mu sikopu, muyambirenso kuchisaka nthawi ikutha. Apa pali kusankha. Bolt ya mano awiri imakwezedwa madigiri 90, ya mano atatu ngati Terminus madigiri 60, dzanja silifika pafupi ndi sikopu ndipo ulendo ndi waufupi, koma sipuling'i yomweyo yomenyetsa primer mukuikoka pamtunda waufupi nde kukweza kwake kumalemererako. Palibe yoposa inzake, gwirani zonse ziwiri za anzanu kukalabuko mumve yomwe dzanja lanu likuivomera. Mkangano wa controlled round feed ya mtundu wa Mauser 98 ndi push feed, njira ziwiri zomwe bolt imalowetsera chipolopolo, usakusowetseni tulo, pa chandamale zonse zimagwira.

Tsopano kuipa kwake. Choyamba mwachiona kale, mtengo, ndipo mtengo mwaonawo ndi poyambira chabe chifukwa action imabwera yokha, yopanda mpope, yopanda trigger, yopanda stock ngakhale magazini. Mukamaphatikiza zonsezo mupeza mwalipira mfuti zingapo za kufakitale. Ndipo poti zidutswazo zachokera kumakampani osiyanasiyana, tsiku lomwe mfuti yakana kulowetsa chipolopolo palibe amene amavomera mlandu, wa action aloza wa magazini, wa magazini aloza wa chassis, inu muli pakati. Trigger nayonso nthawi zina siigwirizana bwino ndi bolt mpaka mmisiri aikonze kuti potseka pasamagwire. Mfuti ya kufakitale ikavuta mumadziwa khomo limodzi logogoda.

China ndi kuthinana kuja komwe amakutamandira. Action yothina kwambiri, makamaka zopangira benchrest (mpikisano wowombera mfuti itakhazikidwa patebulo), imayenda mokoma pamalo oyera koma fumbi ndi mchenga zikalowa imayamba kukukuta mwinanso kukanirira, pomwe yakufakitale yogwederagwedera ija ikungoyendabe. Opanga za PRS anaphunzirapo ndipo amasiya kampata, komabe funsani musanagule kuti anaipangira ntchito yanji. Palinso vuto la stainless kukhuzana ndi stainless inzake, mano a bolt akauma amatha kukandika mpaka kuonongeka, nchifukwa chake ambiri amazikuta ndi nitride kapena DLC ndipo kagirisi pang'ono kumbuyo kwa manowo sikayenera kuiwalika. Onjezanipo kudikira, poti makampaniwa ndi ang'onoang'ono ndipo oda imatha miyezi, extractor (kachitsulo kokoka chigoba) ikathyoka simungaipeze paliponse. Komanso m'maiko ambiri action ndiyo imakhala ndi nambala ndipo lamulo limaiona ngati mfuti yathunthu, kwina mpope ndi bolt nazonso zimafuna chilolezo, nde yambani mwafunsa ku ofesi yopereka malaisensi musanalipire kalikonse.

Kwa inuyo ndinganene kuti dikirani kaye. Onetsani mfutiyo kwa mmisiri aone ngati mpope ukukhudza stock ndi ngati masikuluwu ali omangidwa bwino, yesani zipolopolo za match (zopangira mpikisano), muzipumitsa mpope pakati pa magulu, ndipo ngati mpopewo ndi wopyapyala ikani wonenepa. Ndalama yotsalayo ipite ku sikopu yabwino ndi zipolopolo zoyeserera. Mukafunadi mfuti ina, Tikka ya ku Finland kapena Bergara B-14 ya ku Spain zimalasa mokwanira kupikisana nazo, ndipo Bergara ili ndi miyeso ya 700 yomweyo. Mukadzayamba kumaliza mipope chaka ndi chaka, pamenepo ya custom idzakhala ndi phindu looneka.

FUNSO: Akulu, mmisiri wina wandiuza kuti m'malo mogula custom angondiwongolera Remington 700 yanga yakale pa makina ake. Nzanzeru? Ndine Mlenje Wopuma.

YANKHO: Bambo, ntchito imeneyo ilipodi, amati blueprinting, amawongola nkhope ya action, mano a bolt ndi pomangira mpope kuti zonse zikhale pamzere umodzi, ndipo mfuti zambiri zowina mipikisano kale zinali zotero. Ngati 700 muli nayo kale ndipo mukuikonda, komanso mukusintha mpope nthawi yomweyo, chitani. Koma muwerengere bwino, chifukwa mukawonjeza kukhomera lug, kusintha chogwirira bolt ndi extractor, ndalama yake imayandikira ya custom yotsika mtengo, chonsecho pogulitsa anthu adzaigulabe ngati Remington yakale. Ndipo mumufunse ngati akulitse pomangira mpope, poti akatero ma prefit wamba sadzalowanso ndipo mpope uliwonse muzidzabwerera kwa mmisiri.