Tiagalu tanga ndizitiswera mazira aawisi?

FUNSO: Galu wanga anaswa tiana tisanu, pano tili ndi masabata 6 ndipo tayamba kunyambita phala. Mnzanga wa ku ntchito akuti ndizitiswera dzira laliwisi m'phalamo tsiku lililonse kuti ubweya uziwala komanso tikule msanga, koma mayi a kunyumba akukanitsitsa ati galu wolawa dzira laliwisi amathera kuba m'chikwere, poti tili ndi nkhuku zachikuda zoikira. Ndimvere ndani?
Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Bambo, apa mverani mayi, ngakhale mnzanuyo sananame zonse. Dzira ndi chakudya chabwino kwa galu, limodzi lokha lili ndi mapulotini pafupifupi magalamu 6, vuto ndi kuwisiko basi.

Dzira laliwisi limatha kukhala ndi tizilombo totchedwa Salmonella, pachigoba ngakhale mkati mwenimwenimo, makamaka mazira otola pansi okhala ndi zitosi. Galu wamkulu nthawi zambiri amapirira osaonetsa kudwala koma kagalu ka masabata 6 m'mimba mukadali mwanthete, kakatsegula m'mimba ndi kusanza madzi amatha m'thupi mofulumira kwambiri moti mumangodzuka m'mawa kali kwala. Ndiye palinso ana anu, amene ndikudziwa amatinyamula tiagaluto tsiku lonse, timawanyambita kumaso, kenako iwo kukagwira mbatata osasamba m'manja. Tizilomboto timatuluka ndi chimbudzi cha galu nkufika kwa anthu.

Za ubweya wowalazo ndiye zimachita kutembenuka. Choyera cha dzira chili ndi puloteni yotchedwa avidin, imagwira vitamini ya biotin nkuiletsa kulowa m'thupi, chonsecho biotin yomweyo ndi imene imathandiza khungu ndi ubweya. Kachikasu kamabwezako pang'ono poti kali ndi biotin wambiri, nde dzira limodzi la apo ndi apo silingaphe galu ayi, koma tsiku ndi tsiku kwa tiana tating'ono ine sindingavomereze. Mukaliphika avidin uja mphamvu zimatha, Salmonella amafa, komanso thupi limagaya bwino dzira lophika kuposa laliwisi.

Liwiritseni kwa mphindi 10, musende, muphwanyire m'phala kapena mu nsima yofewa pamodzi ndi usipa wosinja, osathira mchere komanso anyezi asayandikire, anyezi ndi poizoni kwa galu. Theka la dzira pa kagalu kamodzi kawiri kapena katatu pa sabata lakwana. Zigoba tayani kutali komwe make wa tiagaluto sangazifike, fungo lomwelo likhoza kumulondolera kuchikwere, ndipo galu akangoyamba kuba mazira kumuletsa kwake nkovuta, a neba amatha kumuthira tameki.

Ubweya ukakhala wotuwa, mimba zili tuu, kawirikawiri ndi njoka za m'mimba osati kusowa dzira. Pitani kwa a vetenale akupatseni mankhwala a njoka, tiana timamwa masabata awiri aliwonse mpaka titakwana masabata 12, ndipo pa miyezi itatu mukatibayitse katemera wa chiwewe. Make wa tiagaluto nayenso amwe nawo mankhwala a njokawo.