Kodi "belittle" ndi kutukwana?

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa ngati mawu a Chingerezi akuti "belittle" angayenere m'kalata yodandaula za bwana wake, amene pamsonkhano wa ogwira ntchito ananena kuti lipoti limene wowerengayo analemba ngakhale mwana wa Sitandade 8 akanalilemba. Akufunanso kudziwa ngati mawuwa ali ofanana ndi "insult".

Mawu awiriwa safanana, ndipo pa nkhani yanuyi oyenera ndi "belittle". Munthu wochita "insult" amatukwana kapena kunyoza moonekeratu, pamene wochita "belittle" amapeputsa munthu kapena ntchito yake kuti ioneke yachabechabe, nthawi zambiri popanda liwu loipa ngakhale limodzi. Mwana akakhoza bwino mayeso a MSCE, amalume ake n'kunena kuti mayeso a chaka chimenecho anali ophweka, palibe amene watukwanidwa, komabe khama la mwanayo lachepsedwa. Kupeputsa kotereku kumapweteka kwambiri chifukwa wolankhulayo akafunsidwa amangoti ankacheza. Mawuwa amasiyananso ndi "look down on", amene amanena za kuderera munthu mumtima ngakhale pakamwa pasanatuluke kanthu.

Polemba, dzina la munthu kapena chinthu chopeputsidwacho limabwera pambuyo pa mneniyu popanda mperekezi pakati. Lembani kuti "He belittled my work in front of my colleagues", ndipo musawonjezere "on" kapena "at".

Musaope kuti mawuwa ndi osayenera m'kalata ya ku ofesi, ngakhale kuti poyamba Angerezi ankawanyoza. Amene amadziwika kuti anayamba kuwalemba ndi Thomas Jefferson, yemwe pambuyo pake anakhala pulezidenti wachitatu wa America, m'buku lake la Notes on the State of Virginia losindikizidwa ku Paris mu 1785. Iye ankatsutsa Buffon, katswiri wa zachilengedwe wa ku France, amene ankati nyama za ku America ndi zazing'ono ndiponso zofooka poyerekeza ndi za ku Ulaya, choncho tanthauzo loyambirira linali kuchepetsa msinkhu weniweni. Magazini ina ya ku London inamuseka Jefferson mu 1787 chifukwa cha mawu achilendowa, koma lero amalembedwa ngakhale m'malamulo a m'makampani oletsa kuzunza ogwira ntchito.

M'kalata yanuyo musangonena kuti munapeputsidwa. Tchulani tsiku la msonkhanowo, amene analipo, ndi mawu enieni amene bwanayo analankhula, chifukwa ofufuza madandaulo adzafuna umboni wotero.