Aphunzitsi, anawo agulireni 8x42, ofiira aja asiyeni

Aphunzitsi, mwati kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu panu ikusonkha ndalama kuti ana akaone nyama ku Kasungu National Park chilimwe chino, ndipo mukufuna ma binoculars (magalasi oonera patali) a mtengo wosaboola m'thumba. Mwatinso wina akukutsatsani a magalasi ofiira olembedwa 20-180x100, akuti amaona mpaka kuseri kwa phiri la Kasungu. Malangizo anga ndi awa: ofiirawo asiyeni, funani olembedwa 8x42 kapena 8x40, ndipo ndalama isachoke m'manja mwanu musanayang'anemo ndi maso anu.

Manambala awiri amene amalembedwa pachipangizocho ndiwo mutu wa nkhani. Yoyamba ikunena kuti chinthu chimayandikira kangati. Pa 8x42, mphalapala imene yaima mamita 80 kuchokera pomwe muli ioneka ngati ili pa mamita 10. Yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo, mamilimita 42, ndipo ndilo khomo lolowera kuwala.

Ambiri timathamangira nambala yoyambayo, tikuganiza kuti ikakula ndiye kuti zinthu zili bwino. Vuto lake ndi lakuti chimene chikukulitsa nyama chikukulitsanso kunjenjemera kwa manja. Munthu wamkulu amakwanitsa kugwira 8 kapena 10 osavutika. Kuyambira 12 kupita m'tsogolo chithunzi chimayamba kuvina, ndipo pamafunika choimikira cha miyendo itatu, chomwe ndi ndalama zinanso. Tsono ganizirani mwana wa Sitandade 7 amene mtima ukugunda chifukwa waona njovu koyamba m'moyo wake. Mukampatsa 20, aona masamba okhaokha akuthamanga, njovuyo n'kulowa m'thengo iye asanaipeze.

Palinso kukula kwa malo amene diso likuona nthawi imodzi. Paki yathuyi si chidikha chopanda mitengo. Ndi nkhalango ya miombo, mitengo ya mombo, mtondo ndi masuku, yodukizana ndi madambo. Nyama imaonekera pang'ono pakati pa mitengo kenako yasowa, ndipo mbalame ndiye sizidikira munthu n'komwe. Ma 8x42 ambiri amaonetsa malo otambalala mamita 110 mpaka 140 pa mtunda wa mamita 1000, ndipo nambala imeneyi imalembedwa pafupi ndi gudumu lapakati, lokonzera kuti chithunzi chioneke bwino, kapena pabokosi. Ikakula, mwana amapeza msanga chimene mnzake akumulozera.

Nambala yachiwiri ija imagwira ntchito kum'mawa ndi kumadzulo, nthawi yomwe nyama zimatsikira kumadzi. Gawani 42 ndi 8, mupeza 5 ndi pang'ono. Amenewo ndi mamilimita a kuwala kofika m'diso. Tating'ono tolowa m'thumba la malaya tija ta 10x25 timapereka 2.5 basi. Masana timaoneka ngati tili bwino, koma mukaima padamu la Lifupa m'pakimo dzuwa litapendeka, mvuu zikutulutsa mitu m'madzi, nkhwazi itatera pamtengo tsidya lina, tating'onoto timachita mdima pomwe 8x42 ikuonetsabe mutu woyera wa nkhwaziyo ndi mlomo wake wachikasu. Ma 10x50 nawo ndi abwino pa kuwala, kungoti amalemera pafupifupi kilogalamu yathunthu, ndipo khosi la mwana silingapirire tsiku lonse. Ma 8x42 ambiri amakhala pakati pa magalamu 600 ndi 800.

Tsono za ofiira aja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto wofiira wonyezimirawo umabweza kuwala kwina m'malo mokulowetsa, n'chifukwa chake mukayang'anamo dziko lonse limaoneka lobiriwira mofooka. Ana anu akufuna kusiyanitsa mtundu wa nthenga za mbalame, ndiye chipangizo chosintha mitundu n'chantchito yanji? Nambala ya 100 nayo itengereni rula ya m'kalasi: galasi la mamilimita 100 ndi masentimita 10 m'mimba mwake, ndipo ma binoculars enieni otere munthu sayenda nawo pakhosi. Mukapeza kuti galasilo ndi masentimita 5, dziwani kuti zonse zolembedwapo n'zongolemba. Komanso aliwonse okhala ndi kachitsulo kosinthira kukula, amene amati zoom, pa mtengo wotsika ine sindiwalimbikitsa. M'kati mwake muli tizigawo tambiri toyenda, ndipo sipatenga nthawi kuti mbali ziwirizo zisiye kugwirizana.

Maonekedwe alipo awiri. Ena ndi otambalala mapewa, magalasi akutsogolo ali kunja kuposa a kumaso. Amenewa amatchedwa porro. Ena ndi mapaipi awiri oongoka, otchedwa roof. Oongokawa ndi opepuka ndipo ambiri salowa madzi, koma kuti aonetse bwino amafuna ntchito yambiri pokonza, choncho otchipa kwambiri amakhala ofooka. Ndalama zikakhala zochepa, porro amapereka chithunzi chabwino kuposa roof wa mtengo womwewo. Mayina amene mungawadalire pa mtengo wapansi ndi monga Nikon Aculon A211 8x42 ndi Olympus 8x40, onse a porro koma osatetezedwa ku madzi. Thumba likalola, Celestron Nature DX 8x42, Nikon Prostaff kapena Vortex Crossfire HD 8x42 ndi oongoka ndipo salowa madzi. Kunja, Aculon imagulidwa pafupifupi madola 100 a ku America, enawo kuposerapo. A Swarovski, Zeiss ndi Leica amene alendo ena amabwera nawo kupaki amafika madola masauzande, ndipo kalabu yanu sikuwasowa. Pabokosi yang'anani mawu akuti BaK-4 ndi fully multi-coated. Oyambawo akunena mtundu wa galasi la m'kati, achiwiriwo akunena kuti magalasi onse anapakidwa mankhwala olowetsa kuwala.

Kogula ndiye kumavuta. Yesani m'masitolo a makamera ndi zamagetsi ku Lilongwe, kapena tumani m'bale amene akubwera kuchokera ku Joni, mutamulembera dzina ndi manambala papepala kuti asasinthe ndi zina. Anzathu a ku Mchinji amathanso kuyang'ana ku Chipata. Zoitanitsa kunja muwerengeretu ndalama yotumizira ndi msonkho, chifukwa nthawi zina zimakweza mtengo kwambiri. Ogulitsa pa Facebook alipo okhulupirika, koma musatumize ndalama pafoni chinthu musanachigwire. Za pakaunjika musazinyoze. Ma binoculars akale a ku Japan a 7x35 kapena 8x40, achitsulo, okhala m'kachikwama kachikopa, ena amaona bwino kuposa atsopano apulasitiki. Chofunika ndi kuwayesa, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mudekhe.

Tulukani nawo panja pasitolo, wogulitsa akakana ndiye kuti wakuyankhani kale. Yambani ndi kuwagwedeza pafupi ndi khutu. Mukamva kanthu kakugogoda m'kati, abwezeni. Kenako atambasuleni kutali ndi nkhope, mutalozetsa kumtambo kowala koma osati kudzuwa, muyang'ane timagalasi takumaso. Muona kadontho ka kuwala m'galasi lililonse. Kakhale kozungulira bwino ndi kowala konse. Kakakhala ndi makona otuwa m'mbali, galasi la m'kati ndi lotsika, ngakhale kuti masana ligwirabe ntchito. Kakakhala kodukidwa mbali imodzi, china chake chinasuntha.

Mayeso akulu ndi a waya wa magetsi. Pezani waya wa ESCOM kapena mzere wa denga la malata patali ndithu, mukonze mpaka uoneke bwino, kenako muzichotsa ma binoculars kumaso pang'onopang'ono mukuyang'anabe. Mzerewo ukhale umodzi woongoka kudutsa mbali zonse ziwiri. Ukathyoka, kumanzere uli m'mwamba kumanja uli m'munsi, ndiye kuti anagwapo pansi kapena anakonzedwa mosasamala. Maso amayesetsa kulumikiza zithunzi ziwirizo, ndipo pakatha mphindi zochepa mutu umayamba kuwawa. Vuto limeneli kulikonza n'kovuta ndipo n'kodula, choncho ngakhale akutsitsireni mtengo motani, musatenge.

Pomaliza, yatsani tochi ya foni muunike m'galasi lakutsogolo. Tifumbi tochepa si vuto. Koma mukaona timizere toyera tofalikira kuchokera m'mbali, kapena chifunga chosachoka popukuta, imeneyo ndi nkhungu ya m'kati ndipo imangowonjezereka. Zungulizaninso gudumu lapakati kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Liyende mofewa, losalimba pena ndi losakhwefuka pena.

Popeza ogwiritsa ntchito ndi ana, pitani ndi mmodzi wamng'ono pokagula. Ma binoculars amapindika pakati kuti agwirizane ndi kutalikirana kwa maso, ndipo ambiri amathera pa mamilimita 56. Mwana wa nkhope yaing'ono maso ake amatha kukhala oyandikana kuposa pamenepo, ndiye amaona ndi diso limodzi osadziwa kuti anene chiyani. Ngati inu kapena ana ena mumavala magalasi a maso, funani amene timphira takumaso timapindika kapena kuzungulira kulowa m'kati, ndipo pabokosi nambala ya eye relief, mpata wa pakati pa diso ndi galasi lakumaso, ifike 15 mm. Apa ndi pomwe Aculon 8x42 imaperewera, chifukwa yake ndi 12 mm. Ndipo ndalama ikakwana kugula amodzi abwino kwambiri kapena awiri apakatikati, ine ndingatenge awiri. Ana makumi atatu kulimbirana chipangizo chimodzi m'minibasi, chingwe chimaduka ndipo ena amabwerera kwawo osaonako kanthu.

Asakayambe kuphunzira kupaki. Sabata zingapo ulendo usanafike, atulutseni pabwalo la mpira. Aliyense aphimbe galasi lakumanja ndi dzanja, akonze ndi gudumu lapakati mpaka chikwangwani cha sukulu chiwerengeke ndi diso lamanzere, kenako aphimbe lakumanzere, akonze ndi kamkombero kamene kali pagalasi lakumaso lakumanja. Aphunzirenso kusachotsa maso pa chinthu: diso likhale pa njiwa ili pamtengo, manja ndiwo abweretse ma binoculars kumaso. Amene wazolowera pa njiwa ndi akakowa a kudambo savutika akakumana ndi nang'omba ikuyenda m'lupsa. Malamulo awiri muwanene mobwerezabwereza: chingwe chilowe m'khosi chipangizo chisanachoke m'manja mwa mnzake, ndipo wina asayerekeze kuyang'ana dzuwa, chifukwa diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira.

Kasamalidwe kake, fumbi la mwezi wa Okutobala ndiye mdani woyamba. Mwana akaona galasi lada amathamangira kupukuta ndi yunifolomu kapena nsonga ya chitenje, ndipo mchengawo umakanda mankhwala aja. Auzire kaye fumbi, kenako apukute pang'ono ndi kansalu kofewa ka magalasi. M'dzinja musawatsekere m'kabati yachinyezi. Akanyowa, aumitseni pamthunzi musanawabwezere m'chikwama, ndipo muikemo timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Musawasiyenso padashibodi ya galimoto padzuwa.

Nthawi imene mwasankhayo ndi yabwino. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala udzu umakhala utauma kapena utapsa, misewu ya m'paki imayendeka, ndipo nyama zimasonkhana komwe kuli madzi. Mufike m'mamawa, chifukwa dzuwa likakwera mpweya wotentha ndi utsi wa moto wolusa zimasokoneza zoona patali, ngakhale ma binoculars akhale odula bwanji. Pakiyi ndi yachiwiri kukula m'Malawi pambuyo pa Nyika, masikweya kilomita oposa 2,300, ndipo mu 2022 kunabwera njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Ena mwa ana anuwo mwina amazidziwa njovuzi ngati zowononga chimanga kumudzi kwawo, ndipo n'kofunika kuti akazione zili kwawo, mayi akutsogolera ana ake kumadzi. Koma muwauziretu kuti munthu akayang'ana m'magalasi amaiwala mtunda weniweni ndi zimene zili kumbali kwake. Akhale m'galimoto pokhapokha woyang'anira nyama amene muli naye atawalola kutsika, ndipo nthawi zonse pakhale wamkulu mmodzi woyang'ana ndi maso okha. Mukapeza amene akusangalatsani, tumizani chithunzi cha manambala ake ndi kadontho ka kuwala kaja musanalipire, tikuthandizeni kuona.