Dzanja la loboti: zala zilipo, koma khungu likusowa

Owerenga wina wandifunsa pa imelo kuti: "Pa YouTube ndimaona maloboti akuvina ndi kuthamanga, koma sindinawaonepo akumanga batani la malaya. Vuto lili pati, ndipo lidzatha liti?"

Zikomo pofunsa, achimwene. Vuto lalikulu si zala ayi, zala anazipanga kale. Kampani ya Shadow Robot ya ku London ili ndi dzanja la zala zisanu lopindika m'malo 24, lokokedwa ndi tizingwe togwira ntchito ya minyewa. Mu 2019 a kampani ya OpenAI analiphunzitsa kutembenuza Rubik's Cube (kachidole kooneka ngati kabokosi kamene umakapotokola mpaka mbali iliyonse ikhale ya mtundu umodzi), ataliyeserera kaye m'kompyuta kambirimbiri. Komabe kachidoleko kakasokonezedwa kwambiri, dzanjalo linkakwanitsa kamodzi kokha pa maulendo asanu.

Chimene chikusowa ndi khungu. M'chikhatho ndi m'zala za munthu muli timitsempha tomva kukhudza pafupifupi 17,000. Taganizirani mukamatema nsima yotentha n'kuumba mbamu. Simuyang'ana n'komwe, koma zala zimadziwa zokha kuti apa yafewa, apa ikuwotcha, apa ikufuna kupulumuka, ndipo zimasintha kagwiridwe musanaganize. Batani la malaya limafuna luso lomwelo. Akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America anapeza njira yanzeru yotchedwa GelSight: amaika kakamera kuseri kwa labala wofewa kuti kaziona mmene labalayo akubonyokera akakhudza chinthu. Koma kukuta dzanja lonse ndi khungu lotere, loti lisang'ambike pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, n'kovutabe. Tizingwe tija natonso timatha ndi kuduka, pomwe dzanja lathu likachekeka limapola lokha.

Mu 2024 a kampani ya Tesla ananena kuti dzanja latsopano la loboti yawo yotchedwa Optimus limayenda m'njira 22, pomwe loyamba linali ndi 11. Vidiyo yotsatsa malonda musamaikhulupirire msanga, chifukwa nthawi zina pamakhala munthu kuseri amene akuwongolera zalazo.

Mmene ndikuonera ine, manjawa adzakhazikika kaye m'mafakitale, momwe chinthu chogwira chimakhala chomwechomwecho, ndipo kukhitchini adzafika mochedwa kwambiri. Chimene chimandikhudza mtima ndi anthu oduka mkono. Kampani ya Open Bionics ya ku Bristol ku England imapanga Hero Arm, mkono wosindikizidwa pa makina a 3D umene umamva minofu yotsala ikakungika n'kutsegula kapena kufumbata zala. Ana amauvala kale. Ndikadakonda ndalama zambiri zikadapita kumeneko, kuti mtengo utsike mpaka mlimi amene anaduka dzanja pangozi akwanitse kugula.