Achemwali, sukulu imeneyi ine inandiliza

Achemwali post yanuyi ndayiwerenga ndili mu minibasi pa Ginnery Corner mtima wangoti myuu, chifukwa masters ya health management yophunzira uli pa ntchito yomwe mukuifunayo ine ndinadutsamo ndipo ndikakumbuka November wa 2023 mpaka lero m'mimba mumatentha. Ndine namwino mzamba, nthawi imeneyo nkuti ndagwira zaka 13 ndili in-charge wa labour ward. Chinandituma ku sukulu sikufuna ofesi ayi, ndinatopa kukhala mu miting'i anthu akukamba za ORT (ndalama za boma zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku), za bajeti ya mankhwala, za order ya ku Central Medical Stores, ine nkumangogwedeza mutu pamene amene ndimaona magolovesi akutha mu wodi ndine. Ndinkafuna ndizimva pomwe ndalama imadutsa basi.

Ndiye mu 2022 ndinalembetsa ku sukulu ina yakunja, ya pa intaneti, fizi yake ya madola. Ndinapita kwa abwana kukawauza, anaseka bwinobwino amvekere pitani mwana wanga tikuthandizani pa roster. Pakamwa pokha. Kalata sindinapemphe, ndinkaona ngati ndi mwano kuuza munthu wamkulu kuti lembani zomwe mwanenazi. Chaka choyamba chinali cha kolera kenako namondwe wa Freddy mu March 2023, tonse a mu Blantyre muno tikudziwa mmene zinalili, ma assignment ndinkalemba 3 koloko m'bandakucha koma pamenepo sindidandaula munthu, inali ntchito yathu.

Zenizeni zinabwera November. Ndinali nditasonkhanitsa ndalama ya installment, madola 900, ina ya ma locum (mashifiti owonjezera olipidwa) ina yokongola ku banki nkhonde, pafupifupi K1.1 miliyoni, ndakasiya mafomu ku banki masabata angapo akungoti forex palibe bwerani mawa. Pa 9 November kwacha igwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha ma K1,180 kufika K1,700. Ndalama yomwe dzulo lake inali yokwana lero yaperewera ndi pafupifupi K450,000 ndisanadyepo ngakhale tambala. Kusukulu anatseka portal, notes osaona, mayeso a health financing atsala masabata awiri. Ndinagulitsa firiji yomwe ndinkapangira mafrizesi, yotsalayo ndinakatenga katapila kwa mayi ena ku Ndirande ine namwino wamkulu kukasiya khadi la ATM m'manja mwa munthu. Bambo akunyumba sanandiyankhule masiku atatu, ndipo sindiwanena, fizi ya ana ya January inali ikubwera.

Portal itatseguka ndinati basi zatha. Ndinagwirizana ndi mnzanga tisinthane ma naiti a sabata ya mayesoyo, iye anavomera ndi mtima wonse. Lolemba ndikupeza roster pa khoma yafufutidwa ndi bolopeni yofiira, dzina langa ma naiti atatu otsatizana, yomaliza kutuluka m'mawa wa mayeso omwe amayamba 8 koloko pa kamera. Ndinapita ku ofesi mwaulemu, ndagogoda, ndakhala pansi. Munali ana a sukulu awiri a unamwino akusainitsa ma logbook, abwana sanawatulutse. Anangoti kuno ndi kuchipatala si ku yunivesite, anakutumani ku sukulu ndani, ndionetseni kalata. Ndionetseni kalata! Munthu yemwe uja anati pitani mwana wanga. Ana aja anangozyolika, ine pakhosi pauma, ndinatuluka osatsanzika.

Naiti yomalizayo tinalipo awiri okha. Cha m'ma 4 mayi wina atangobereka anayamba kutaya magazi, kutaya kwambiri kuja timati PPH, oxytocin, kutikita chiberekero, ma drip awiri, kuthamangira magazi ku lab, kudzutsa adokotala, ndipo mayiyo ali moyo lero, chimenecho ndimathokoza Mulungu. Koma handover tinamaliza 8 itadutsa. Ndinakwera kabaza ndi yunifomu yomweyo magazi ali mu nsapato, kufika kunyumba ku Chilomoni magetsi kulibe, laputopu ili pa 20 peresenti, bando ya pa foni ndiyo netiweki. Ndinalowa mayeso mochedwa ndi mphindi 40 maso akuyabwa tulo, funso loyamba ndinalemba, lachiwiri ndinalemba, lachitatu lokhudza strategic purchasing lomwe ndinaliwerenga mpaka kuliloweza, ndili pakati screen inangoti bii. Ndinakhala pa khonde ndikulira mokweza ngati pamaliro, mwana wanga wamng'ono akundigwira phewa amvekere amami wamwalira ndani. Module ija ndinalephera, kubwereza kwake madola enanso pa rate yatsopano.

Chimandiwawa kwambiri nchoti abwana amenewo masters yawo anakachita pa scholarship, salale ikulowa mwezi ndi mwezi, palibe anawafunsa kuti wodi asiyira ndani. Pali akuluakulu ena mu zipatala zathuzi akangomva kuti junior akuphunzira za management amaona ngati wabwera kudzalanda mpando, basi nkhondo. Sakuuza maso ndi maso, amakumenyera pa roster, pa tchuthi, pa ma workshop dzina lako limangosowa. Anzanga enanso mu wodi ankanditchula kuti adayirekita monyoza ndikamadutsa. Ndipo lero ndamaliza, pepala lili m'chikwama, giredi ndi yomweija chifukwa mu boma promotion imadikira post ipezeke ndi interview, digiri payokha siyikukweza. Koma ikafika nthawi yolemba bajeti ya department kapena kufotokoza ma figure a mu DHIS2 (sisitimu ya pa kompyuta yosungira malipoti a zaumoyo) anthu omwewo ndi amene amandiitana, bwerani mutithandize inu ophunzira.

Ndiye inu achemwali musachite zanga. Chilichonse chomwe abwana avomera chikhale pa pepala, siginecha ndi chidindo, kope ina ku HR ina kunyumba ina mujambule pa foni. Ngati mukupempha study leave werengani bwino za bond, mudziwe zaka zomwe mudzagwire pobweza musanasaine. Sukulu yakunja mufunse kaye ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ngati pepala lake amalivomereza, ndipo ngati salale yanu ili ya makwacha fizi ya madola ithaweni, pompano tili ndi KUHeS yomwe ili ndi MPH (masters ya public health), MUBAS pa Chichiri ali ndi executive MBA, pitani mukafunse nokha ma programme omwe alipo chaka chino ndi masiku a makalasi, olo fizi ikwere koma ikwera mu ndalama yomwe mumalandira. Musayambe mulibe fizi ya semesita ziwiri pambali, ndi power bank ya laputopu, ndi munthu mmodzi wa jenseti kapena sola yemwe mungakalembereko mayeso.

Komanso kunena zoona ine nditati ndiyambirenso sindingauze munthu aliyense ku ntchito mpaka semesita yoyamba itatha, ngakhale abwanawo, ndingamangotenga masiku anga a tchuthi mwakachetechete, chifukwa mavuto anga onse anayamba tsiku lomwe ndinatsegula pakamwa. Ndipo musadikirenso kuti ndalama zikwane kaye zonse, sizikwana, ine ndikanadikira bwenzi pano ndisanayambe. Lembetsani intake ikubwerayi. Notes za health financing ndi za HR ndikadali nazo zonse, ndipezeni ku inbox ndikutumizireni mawa ndikatuluka naiti.